Mfuti yopangitsa kwa mmisiri kapena ya kufakitale: ndigulitse ng'ombe?

Mwana wa ku Malambo:

Moni akuluakulu nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene munagwirapo mfuti za mitundu yonse iwiri, yopangitsa kwa mmisiri pa muyeso wa thupi lako ndi yogula m'sitolo yochokera kufakitale. Ndifotokoza motalikirapo kuti mundiyankhe mukudziwa pamene ndaima.

Kwathu ndi ku Mambwe, koma banja ndinakhazika pa Chipata chifukwa cha sukulu ya ana. Chilimwe chonse ndimakhala pa kampu ina ya alenje m'dera la Lupande, pansi pa mlenje wamkulu amene akundiphunzitsa ntchito kuti nanenso ndidzatenge layisensi ya PH, ndiye kuti mlenje wovomerezeka wotsogolera ndi kuteteza alendo odzasaka. Mvula ikagwa, misewu ya kudambo n'kutsekeka, ndimakwera kumtunda kukalima soya ndi mpendadzuwa. Mfuti yanga ndi Brno ZKK 602 yoomba zipolopolo za .375 H&H, imene anandisiyira malemu bambo anga. Mapepala ake tinasintha kupolisi, ili m'dzina langa. Pachitsulo pake panalembedwa kuti Czechoslovakia, dziko limene linagawika mu 1993, ndiye mutha kuona nokha kuti si ya dzulo.

Mpope wake ukadali bwino, ndipo pa mamita 100 imaika zipolopolo pamalo oti n'kuphimba ndi chikhatho. Koma thabwa layamba kung'aluka kumbuyo kwa bolt (chitsulo chimene timakoka polowetsa ndi kutulutsa chipolopolo), pamene dzanja lamanja limagwira. Mng'aluwo ndi waung'ono, kungoti chaka chino watalikirapo. Chinanso, bambo anali munthu wamtali, wa mikono italiitali, pamene ine ndinatengera kuchikazi, ndine wamfupi. Ndikaikweza mwachangu, thako lake limakodwa m'malaya kukhwapa lisanafike paphewa. Poyesera pa chandamale zimenezi sizivuta chifukwa umakhala ndi mpata woikonza. Koma ntchito imene ndikuphunzirayi ndi yoima pambali pa mlendo pamene njati yolasidwa yalowa m'kasense, ndipo pamenepo mpata wokonza malaya palibe.

Chimene chinandiutsa mtima ndi mlendo wina wa ku Ulaya amene anabwera chaka chatha ndi .416 Rigby yopangitsa ku London. Anali munthu womasuka, anandilola kuigwira. Sinali ya muyeso wanga, komabe bolt yake inkayenda yokha, osagwedera, osalira, ndipo kulemera konse kunali pakati pa manja awiri. Kenako anandionetsa chinthu chimene sindinachiiwale. Anatsinzina, n'kuikweza paphewa, n'kutsegula maso, n'kupeza kuti diso lake lili kale pamzere woloza pamene amafuna. Anabwereza kangapo, osaphonya. Ine ndi Brno yanga ndikachita zomwezo ndimapeza kuti ndikuyang'ana pamwamba pa mpope, mpaka nditsitse mutu n'kufunafuna.

Za ku London sindikulota. Mfuti ya mipope iwiri ya kampani ya Holland & Holland imapitirira mapaundi 100,000, ndipo zimenezo ndi za anthu ena. Koma ndinafunsa mmisiri wina wa ku South Africa amene amamanga mfuti pa chitsulo cha Mauser 98. Mtengo umene ananditchulira ungagule mfuti zatsopano za kufakitale zitatu kapena zinayi, kudikira kwake ndi kopitirira chaka, osawerengera zilolezo zolowetsera mfuti m'dziko. Kuti ndikwanitse ndiyenera kugulitsa soya yense wa chaka chino ndi ng'ombe ziwiri zapagoli. Amayi a kunyumba sanakane, koma anandifunsa funso limene ndalephera kuyankha: kodi mfutiyo idzachita chiyani chimene ya bambo singachite?

Ndiye ndikufunsa inu. Kodi yopangitsa imaposadi ya kufakitale pa ntchito ya m'tchire, kapena timalipira kukongola kwa thabwa? Ndipangitse, ndigule Winchester Model 70 yatsopano, kapena ndikonzetse ya bamboyi?

Sikauti wopuma, ku Mfuwe:

Mwana wanga, ng'ombezo zisiye zilime. Ndinayamba ntchito ya nyama ZAWA, bungwe lakale loyang'anira nyama zakutchire, isanabwere, ndipo zaka zambiri ndinali kuyenda kutsogolo kwa alendo oyenda pansi, ntchito imene malemu Norman Carr anayambitsa kuno ku Luangwa. Mfuti zonse zimene ndinanyamula zinali za kufakitale, .375 ndi .458, zina zokalamba kuposa yakoyo. Ngakhale m'nthawi ya atsamunda, madipatimenti a nyama a mayiko a kuno ankapereka .404 Jeffery zopanda chokongoletsa chilichonse, ndipo ndi zimenezo zinkathana ndi njovu zoononga minda.

Funso la amayi a kwanu ndi labwino, ndiliyankha ine. Mfuti ya munthu woteteza mlendo timaifunsa chinthu chimodzi choyamba: kodi ukakoka bolt ndi mphamvu, manja akunjenjemera, fumbi lili m'kati, dzuwa la Okutobala litatenthetsa chitsulo mpaka osagwirika, idzatulutsa chigoba n'kulowetsa chipolopolo china? Zoti imaika zipolopolo pamalo a ndalama yachitsulo pa mamita 100 n'zabwino kwa wosaka mbawala. Njati yolasidwa umaiona pa mapazi khumi ndi asanu kapena kuchepera apo, ndipo pamenepo chikhatho chako chija chakwanira.

Tsono pa nkhani yotulutsa ndi kulowetsa, uli kale ndi chinthu chimene anthu amapangitsira mfuti. Brno 602 ili ndi chikhadabo chachikulu cha mtundu wa Mauser, chimene chimagwira chipolopolo chikangodzuka m'magazini n'kuchiperekeza mpaka m'kati, osachitaya ngakhale mfuti itapendekeka. Mmisiri wako wa ku South Africa akakumangira pa Mauser 98 adzakupatsa chikhadabo chomwecho. A Winchester anachichotsa pa Model 70 mu 1964 pofuna kuchepetsa ndalama zopangira, alenje anadandaula kwa zaka zambiri, mpaka anachibwezera m'zaka za m'ma 1990. Magazini ya Brno imalowa zipolopolo zisanu za .375, pamene zambiri zatsopano zimalowa zitatu. N'chifukwa chake ma PH ambiri a ku Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania anakalamba nayo.

Chipolopolo chakenso usachinyoze poona .416 ya mlendo. A Holland & Holland anatulutsa .375 mu 1912, ndipo chigoba chake anachipanga chachitali, chowonda pang'onopang'ono chakutsogolo, kuti chisamakanirire m'mayiko otentha. Mutu wolemera magireni 300 umachoka pa liwiro la mafiti pafupifupi 2,500 pa sekondi, ndipo ukakhala wa solid, wolimba wosaphwanyika ukagunda nyama, umabowola mokwanira. Ubwino wina ndi woti mlendo aliyense wobwera kudzasaka njati amadziwa .375, ndipo m'sitolo za mfuti ku Lusaka ndi imene umayamba kupeza.

Vuto lako ndi thabwa basi, ndipo thabwa limakonzeka. Mng'alu wa pamenepo umabwera chitsulo chikayamba kusewera m'thabwa. Mfuti ikalira, m'malo moti mphamvu ipite pa chotchinga cha pansi chimene anachipangira ntchito imeneyo, mchira wa chitsulo ndi umene umagunda thabwa n'kuling'amba. Usaiombenso mpaka ikonzedwe, chifukwa .375 ikamaliza kung'amba thabwa imakakumenya kumaso. Mmisiri wodziwa amamata mng'aluwo, kapena kuika thabwa lina ngati wapita patali. Amayala guluu wolimba wa epoxy pamene chitsulo chimakhala kuti chisasewerenso, amapinga mabawuti awiri m'thabwa, n'kusiya kampata kakang'ono kuseri kwa mchira uja. Kenako amadula thako pa muyeso wako n'kuika labala yabwino yosakodwa m'malaya. Umupemphenso asalaze njira imene chipolopolo chimakwerera, aone ngati chitseko cha pansi pa magazini sichitseguka chokha mfuti ikakankha, ndipo kutsogolo akuikire kadontho koyera kakakulu koti uzikaona m'mithunzi ya tsanya madzulo. Chokolekera lamba achichotse pathabwa n'kuchiika pa mpope, apo ayi chidzakucheka chala cha kumanzere. Zonsezi n'chimodzimodzi jekete labwino la salaula limene wapita nalo kwa telala kuti alibweze mikono.

Pali chimodzi chimene sunatchule. Safety ya ZKK, kaja kotsekera mfuti kuti isalire mwangozi, imayenda mosiyana ndi mfuti zambiri, umaikokera kumbuyo kuti uombe. Ngati chala chako chinakulira pa iyoyo, palibe vuto, koma usamasinthesinthe ndi mfuti za anzako pa kampu. Ngati ukudziwa kuti uzigwira zina, uuze mmisiri aisinthe.

Ndalama zotsala gula zipolopolo. Ndaona anyamata ambiri amene amaopa mfuti yawo yomwe, amatsinzina isanalire, chifukwa amaiomba kawiri pachaka poopa mtengo wa bokosi.

Wamanzere wa ku Petauke:

Amalume a ku Mfuwe anena zoona zambiri, koma ndilankhuleko ine amene ndinapangitsa ndipo sindidandaula. Ndimasaka ndi layisensi ya nzika cha ku West Petauke, kwambiri njati ndi njiri. Ndine wamanzere, diso langa lamphamvu ndi lamanzerenso. Zaka zonse ndinkaomba mfuti za akumanja, kudutsitsa dzanja pamwamba pa sikopu, galasi lolozera lija, kuti ndikoke bolt, mfuti n'kuchoka paphewa, nyama n'kuitaya m'maso. Mfuti zazikulu za amanzere za kufakitale n'zochepa, ndipo kuno sizifika. Kwa ine kupangitsa kunali njira yokhayo yoombera kachiwiri mfuti ili paphewa.

Achimwene, chimene munaona kwa mlendo uja si matsenga ndipo si dzina la London. Fakitale imadula thabwa pa muyeso wa munthu wapakati, pafupifupi mainchesi 13 ndi theka kuchokera pa trigger, pokoka ndi chala poomba, kufika kuthako. Mmisiri amayeza zambiri kuposa kutalikako. Amaona kutsika kwa pamene tsaya limagona, kupatuka kwa thako kumanja kapena kumanzere malinga ndi kukula kwa chifuwa ndi nkhope yanu, ndi kunenepa kwa pogwira. Wanga anali ndi mfuti yoyezera ya thabwa losunthika, ndipo tinatha masana onse ndikukweza, iye akusuntha, mpaka diso linayamba kugwera pamzere lokha. Mfuti yokukwana imakankhanso mofewa chifukwa mphamvu imalowa molunjika m'phewa, simenya tsaya. Kudula thako kumene amalume akunena kumakonza kutalika kokha. Mwina kwa inu n'kokwanira, mwina ayi.

N'chifukwa chake ndikuti ngati mupangitsa, musapangitse pa foni. Kutumiza miyeso ya telala pa WhatsApp n'kutaya ndalama. Muyenera kupita nokha, akuoneni mukukweza mfuti, ndipo ulendowo muuwerengere pa mtengo.

Tsono zimene sindinauzidwe ndisanalipire. Mfuti yopangitsa ndi yabwino molingana ndi manja a amene waipanga, ndipo ndinaonapo ina yokongola kwambiri, thabwa la walnut la ku Turkey lamizeremizere, koma chipolopolo chachitatu chinkakanirira nthawi zonse. Kachiwiri, ndalama zake sizibwerera. Mayina ngati Rigby, Westley Richards ndi Holland & Holland amasunga mtengo chifukwa pali anthu olemera amene amawasonkhanitsa. Yanga, ngakhale ndi yabwino, ndikati ndigulitse lero ndi ndani pa Petauke kapena pa Chipata amene akufuna mfuti ya wamanzere wa msinkhu wanga? Ndipo kachitsulo kakathyoka m'kati, kamene kanapalidwa ndi manja kuti kakwane pamenepo pokha, simungakatenge pa mfuti ina. Muyambanso mapepala otulutsira mfuti kunja. Brno kapena Winchester zipangizo zake zimapezeka.

Za kulasa bwino musazivutikire. Makina a masiku ano amadula chitsulo mosaphonya, ndipo mfuti zambiri za kufakitale zimalasa kuposa mwini wake. Ndikanakhala wakumanja ngati inu, ndili ndi 602 m'nyumba, ndikanasunga chitsulocho n'kupangitsa thabwa latsopano lokha pa muyeso wanga. Pamenepo mwapeza chimene chinakukopani kwa mlendo uja pa kachigawo kochepa ka mtengo.

Mayi wa mu CRB (komiti ya anthu a m'midzi yoona za nyama ndi zachilengedwe), kwa Kakumbi:

Ine si mlenje, koma ndimakhala m'komiti imene imalandira madandaulo a anthu nyama zikaononga, ndiye nkhaniyi ikundikhudza. Pepani kuti ndalowerera pa nkhani ya abambo.

Achimwene, kulikonse kumene mupite nayo mfutiyo, pitani kwa mmisiri wovomerezeka ndi boma. Ndikunena izi chifukwa kuno anthu akaona thabwa lang'aluka amathamangira kwa kalipentala wa mipando, chitsulo chikavuta amapita kwa wowotcherera mageti. Makolo athu analidi ndi amisiri awo osula gogodela, mfuti za kumudzi zothira onga kukamwa, ndipo luso limenelo sindilinyoza, linadyetsa mabanja m'zaka za njala. Koma amalume anga enieni anatsala ndi zala ziwiri kudzanja lamanzere gogodela itawaphulikira. Ku England mfuti isanagulitsidwe imayesedwa ndi onga woposa muyeso ku nyumba zoyesera mfuti za ku London ndi Birmingham, n'kudindidwa chizindikiro. Ya kumudzi woyesera wake ndi mwini wakeyo.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nyama zolasidwa. Njovu kapena njati ikathawa ndi chilonda sipita kutali. Imabisala m'mathengo a m'mbali mwa Lupande ndi Luangwa, momwe amayi amakatunga madzi ndi kutola nkhuni, momwe ana amadutsa popita kusukulu m'mawa. Asikauti a DNPW, dipatimenti ya boma yoyang'anira nyama zakutchire, akabwera kudzaipha, kawirikawiri amapeza zidutswa za chitsulo za gogodela m'thupi mwake, kapena waya kumwendo. Koma nthawi zina imakhala ya mlendo wa layisensi amene analasa molakwika, omuteteza n'kulephera kumaliza. Kwa mayi amene wakumana nayo pamadzi, n'chimodzimodzi.

Ndiye ine sindisamala kuti mfuti yanu yachokera ku London kapena ku Brno. Ndikupempha kuti ikhale imene mungaombe nayo kachiwiri msanga njatiyo isanalowe m'tchire. Ngati zimenezo zikufuna thabwa latsopano ndi mabokosi a zipolopolo zoyeserera, chitani zomwezo. Tikufunanso ana a kuno ambiri akhale ma PH, chifukwa amadziwa midzi imene ili kuseri kwa tchire limene akusakamo.

Mwana wa ku Malambo:

Zikomo kwambiri nonse, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Amayi, mawu anu ndawamva, kwathu kwenikweni ndi kufupi ndi kumene mukunenako ndipo alongo anga amatunga madzi m'mitsinje yomweyo.

Amalume, za mchira wa chitsulo kugunda thabwa sindinkazidziwa. Ndaimasula usiku uno ndipo ndapezadi kuti pamenepo thabwa ndi lophwanyika, lakuda ndi mafuta. Ndaitsekera m'sefa, siiombanso. Safety ndiisiya momwe ilili, chifukwa ndi mfuti imene ndinaphunzirira ndipo chala chinazolowera.

Maganizo anga tsopano apita kwa achimwene a ku Petauke: chitsulo cha bambo chikhale, thabwa likhale latsopano pa muyeso wanga. Ng'ombe zitsala, soya pang'ono apita. Koma ndili ndi funso lina. Thabwalo likhale la chiyani? Walnut ndi wodula ndipo ndi wochokera kunja. Kuno tili ndi mlombwa wabwino umene sufumbwa, ndipo mtima wanga ukufuna kuti mfuti ya bambo ivale mtengo wa kwathu. Mlenje wamkulu wa pa kampu akuti ndiiwale mitengo, ndiike la pulasitiki. Inu mukuti bwanji?

Sikauti wopuma, ku Mfuwe:

Mafuta akudawo ndi amene anafewetsa thabwa. Anthu amathira mafuta ambiri m'chitsulo n'kuimika mfuti thako pansi, mafuta n'kumatsikira m'mtengo chaka ndi chaka. Thabwa lotero epoxy siligwira bwino, ndiye wachita bwino kusankha latsopano. Ukadzaikonza uziimika mpope pansi ukangoipaka.

Mlombwa ndimaukonda pa zitseko ndi mipando, koma sindingauyesere pa .375 imene moyo wa mlendo ukudalira. Amisiri anakhazikika pa walnut chifukwa ndi wolimba koma wosalemera, sung'aluka msanga ndi kugunda, ndipo amauumitsa zaka asanaudule. Ngati ukufuna mlombwa ukhalepo, panga bokosi losungiramo mfutiyo.

La pulasitiki labwino, lija la fibreglass, silitupa ndi chinyezi, ndipo pamenepo abwana ako akunena zoona. Mtengo umamwa chinyezi cha dzinja n'kuuma m'chilimwe, ndipo ukapindika pang'ono n'kukankha mpope, chipolopolo chimasamuka pamene unachisiya. Koma la pulasitiki limabwera loumbidwa kale, ungolidula kutalika, pamene iwe ukufuna tsaya ndi phewa zikwane. Pali lina la mitengo yomatikizamatikiza, lolemerako pang'ono, limene limasemeka ngati walnut koma silipindika, ndipo kulemerako pa .375 kumathandiza. Ine ndikanatenga limenelo, kapena walnut wamba wa mizere yowongoka yodutsa pogwira, wosakongola, womatidwa bwino m'kati monse.

Ipereke mu Januwale kuti ibwere kampu isanatsegule, ndipo uyambe wafunsa kupolisi za mapepala oisiyira kwa mmisiri. Pokailandira usalipire ndalama zomaliza usanaiyese wekha, magazini yodzaza, zipolopolo za soft (za mutu wofewa) ndi solid zosakaniza monga umanyamulira, ukukoka bolt mwamphamvu mfuti ili paphewa, utavala malaya omwe umavala kuntchito.